Ku Ogden, komwe chimbale chinauluka mamita 75 n'kugwera m'dengu

Mukakwera sitima ya FrontRunner mumzinda wa Salt Lake City, m'chigawo cha Utah ku America, n'kulowera kumpoto, pakatha pafupifupi ola limodzi mumafika ku Ogden. Ulendo wonse mapiri a Wasatch amakhala ali kudzanja lamanja, ataima njo ngati khoma, ndipo nyengo yozizira nsonga zake zimayera mbee. Ogden ndi tauni ya njanji. Inakula chifukwa cha sitima, makamaka njanji yolumikiza kum'mawa ndi kumadzulo kwa America itamalizidwa mu 1869 pa Promontory Summit, malo omwe sali kutali kwenikweni ndi tauniyi. Alendo ambiri akatsika amalunjika ku 25th Street, msewu wa nyumba zakale za njerwa komwe kuli malo odyera ndi omwera khofi. Koma alipo ena amene amatsika atabereka zikwama zodzaza timbale ta pulasitiki, ndipo iwowa amatembenukira kwina, kuseri kwa njanji, komwe kumadutsa mtsinje wa Weber.

Kumeneko kuli paki yotchedwa Fort Buenaventura. Dera limeneli linali la anthu a mtundu wa Shoshone kuyambira kalekale, koma dzinali linabwera ndi Miles Goodyear, msaki wa zikopa za nyama, yemwe anamangapo linga la mitengo mu 1846. Sanakhalitse. Chaka chotsatira anagulitsa malowo kwa a Mormon omwe anali atangofika kumene, pamtengo wa $1,950. Buenaventura ndi mawu a Chisipanishi, tanthauzo lake mwayi wabwino. Lero mupezapo linga lomangidwanso motengera lakale lija, tinyumba ta zipika, dziwe lomwe mabanja amapalasapo timabwato, ndi nkhalango ya mitengo italiitali ya cottonwood yomwe imakonda m'mbali mwa madzi. M'nkhalango imeneyi ndi momwe muli bwalo la disc golf lomwe osewera amangolitcha kuti The Fort.

Ngati masewerawa simunawaonepo, ganizirani gofu, kenako muchotsemo ndodo, kampira ndi dzenje. Wosewera amaponya chimbale ndi dzanja kuchokera poyambira, n'kukachitola pomwe chagwera, n'kuponyanso ali pomwepo, mpaka chilowe m'dengu lachitsulo lomwe lili pamzati. Pamwamba pa dengulo pamalendewera matcheni omwe amagwira chimbale kuti chigwere m'kati. Bwalo lathunthu limakhala ndi madengu 18, ndipo wopambana ndi amene waponya kochepa. Dengu lililonse lili ndi nambala ya maponyedwe omwe katswiri amayembekezeka kumalizira, yotchedwa par. Mukamaliza mutachepetsako kamodzi, imeneyo ndi birdie. Chimbale chikagwera kunja kwa malire, kaya m'madzi kaya kuseri kwa chingwe, amakuwonjezerani kuponya kumodzi ngati chilango. Bwalo loyamba lokhazikika analikhazikitsa Ed Headrick mu 1975 ku California, ndipo ndi iye yemwe anapanga dengu la matchenili. Mkuluyu anawakonda masewerawa mpaka atamwalira mu 2002, phulusa la thupi lake analisakaniza ndi pulasitiki n'kupangira zimbale, monga anafunira mwini wake. Nkhani zina zimafuna kuzimva utakhala pansi.

Mabwalo ena ali pambalambanda, ndipo kumeneko wamphamvu ndiye amadya bwino. Pa The Fort mitengo ndiyo imalamula. Mukaima poyambira, nthawi zambiri chimene mukuona ndi kampata pakati pa mathunthu awiri, ndipo dengulo mwina silikuoneka n'komwe. Chimbale chikagunda mtengo sichifunsa kuti mwini wake ndi ndani: chimatha kugwa pomwepo, kapena kunjanja n'kulowa m'tchire momwe ngakhale dzanja simungalitambasule. Ndiye funso loyamba la wosewera silikhala lakuti afika patali bwanji. Amadzifunsa kuti: ndikaphonya, chimbalechi chikathera kuti, ndipo ndikakafika kumeneko ndikatha kuponyanso?

Apa ndi pomwe chikwama chija chimagwira ntchito. Zimbale zonse zimafanana kukula, mulifupi mwake masentimita 21 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo zambiri zimalemera magalamu osapitirira 180. Kusiyana kuli m'mphepete. Driver ili ndi mphepete yakuthwa ndi yotakata, imathamanga kwambiri n'kufika patali, koma ndi yamwano: ikachoka m'dzanja mopendekeka pang'ono chabe, cholakwacho imachikulitsa, ndipo ikafika pansi imadumpha n'kupitirira. Putter ndi yobuntha, imayenda pang'onopang'ono, ndipo kumene mwailozetsa ndi kumene imapita. Pakati pa ziwirizi pali midrange. Wongoyamba kumene amathamangira driver chifukwa ndiyo imaoneka ya madolo. Katswiri m'nkhalango ngati iyi amatulutsa chimbale chochedwa kwambiri chimene chingafike pomwe akufuna.

Palinso khalidwe la chimbale chikamauluka. Munthu wa dzanja lamanja akaponya mokoka chimbale kudutsa pachifuwa, kuseri kwa dzanja kuli kutsogolo, komwe amati backhand, chimbalecho chimazungulira motsatira wotchi, ndipo liwiro likamatha chimakhotera kumanzere. Akaponyera chakumbali, chikhatho chili kutsogolo, komwe ndi forehand, chimathera kumanja. Akafuna kuti backhand ikhotere kumanja, ayenera kuchitulutsa mphepete yakunja itatukuka, ndipo amati anhyzer. Kuponya kumeneku n'kovuta chifukwa mukukakamiza chimbale kuchita zosemphana ndi chibadwa chake. Mukachepetsa kupendeketsa chimabwerera kumanzere msanga, mukaonjeza chimagwa chammbali n'kuyamba kugubuduka. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Mpweya nawo uli ndi mawu ake. Mphepo yochokera kutsogolo imanyamula chimbale n'kuchitembenuzira kumanja, pomwe yochokera kumbuyo imachikankhira pansi n'kuchikhotetsa msanga kumanzere. Ndipo Ogden ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kukwera pang'ono kuposa Lilongwe. Pamalo okwera chonchi mpweya umapepuka, ndiye chimbale chomwe kwanu kugombe chimayenda mowongoka, kuno chimakhotera kumanzere msanga. Osewera ochokera kutali amafika masiku angapo mpikisano usanayambe kuti adzadziwanenso ndi zimbale zawo zomwe.

Zonsezi, mtengo, mphepo, madzi, chimbale, ndi mmene zigoli zilili, mu 2021 malamulo ankapereka masekondi 30 okha kuti munthu aziganizire n'kuponya, akafika pamalo pake ndipo njira ili yoyera. Masekondi 30 ndi ochepa kwa munthu amene akuyamba kuganiza atafika kale. N'chifukwa chake akatswiri amaganiza akuyenda. Akamafika pa chimbale chawo amakhala ataona kale mipata iwiri kapena itatu, ndipo chotsala ndi kusankha umodzi n'kuiwala inayo. Wa bawo amadziwa zimenezi: umawerenga nkhomo usanatape, chifukwa ukatapa palibenso zobweza. Choopsa kwambiri ndi kuyamba kuthamangira kuponya mtima uli pawiri, theka likufuna kudutsa pampata wakumanja, theka likuopa madzi. Dzanja limamvera onse awiri, ndipo chimbale chimakagunda mtengo umene uli pakati. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mukaonetsetsa katswiri aliyense, muona kuti ali ndi timiyambo take tomwe sasintha. Wina amapukuta chimbale ndi kansalu ngakhale chili chouma. Wina amatambasula dzanja kuloza mpata kawiri, osati katatu. Wina amathothola udzu n'kuuwaza m'mwamba kuti aone mphepo. Si zamatsenga ayi. Thupi likachita zomwe linazolowera, mutu umapeza pogwira, ndipo kuponya kwa mpikisano waukulu kumafanana ndi kuponya kwa Lachiwiri masana popanda woonerera. Izi zimaoneka bwino pafupi ndi dengu. Mkati mwa mamita 10, lamulo silikulolani kudumphira kutsogolo mukaponya. Muyenera kuonetsa kuti mwaima bwinobwino musanasunthe. Mtunda umenewu ndi waufupi moti aliyense amayembekezera kuti mulowetsa, ndipo chiyembekezo chimenecho ndiye katundu wake. Ambiri amasankha kamphete kamodzi pa tcheni n'kukayang'ana ikako basi, kuti maso asapite ku madzi omwe ali kuseri kwa dengu.

Ndipo pakati pa kuponya kumodzi ndi kwina pali ulendo wapansi, nthawi zina wa mphindi zingapo. Gemu yonse imatenga maola atatu kapena kupitirira, koma nthawi yeniyeni yoponya mukaiphatikiza ndi mphindi zochepa chabe. Nthawi yotsalayo muli nokha ndi mutu wanu, ndipo mutuwo umakonda kubwerera ku mtengo womwe munagunda pa dengu lachinayi. Madzi akatayika sawoleka, tonse timanena, koma yesani kuzikumbukira mutangotaya chimbale m'dziwe anthu akuonerera.

Tsopano tifike pa tsiku limene linatchukitsa malowa. Mu June 2021 mpikisano wa dziko lonse wa bungwe la PDGA unachitikira ku Ogden, pa mabwalo awiri, Mulligans ndi The Fort. Tsiku lomaliza, pa 26 June, amuna anafika pa dengu la nambala 18 la The Fort, Paul McBeth akutsogola ndi kuponya kumodzi. McBeth, wa ku California, anali atapambana kale mpikisanowu kasanu, ndipo kumayambiriro kwa chaka chomwecho anali atasainira mgwirizano wa zaka 10 wa ndalama zokwana $10 miliyoni ndi kampani yopanga zimbale ya Discraft. Womutsatira anali James Conrad wa ku Virginia, wamtali, watsitsi lalitali, wofatsa, yemwe anali asanapambanepo ulemu umenewu.

Dengu la 18 ndi par 4. Poyambira mumaponya kudutsa pamadzi n'kulowa pakati pa mitengo, kenako njira imakhotera kumanja kupita ku dengu lomwe lili pafupi ndi malire. Chimbale cha Conrad chinagunda mtengo n'kugwa pafupi, mkati mwa malire koma pamalo oipa. Cha McBeth chinadutsa bwinobwino. Aliyense amene ankaonera anaona kuti nkhani yatha.

Kanema amene anafalikira pa mafoni amayambira patsogolo pa apa, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti amatinamiza pang'ono. Mumasekondi ochepa aja mumangoona munthu akuponya patali n'kulowetsa, ndiye mumaganiza kuti nkhani yake ndi ya kulimba mtima. Koma taonani chimene Conrad anachita pa kuponya kwachiwiri. Anali kumbuyo ndi kumodzi, pa dengu lomaliza, pamalo pomwe munthu wotentha mutu akanangoti zivute zitani n'kuponya ndi mphamvu zonse kudutsa m'nthambi. Iye anangosendeza chimbale kutsogolo, kuchiika poyera pomwe akanatha kuima bwino n'kuliona dengu. Kunali kuponya kosasangalatsa, kooneka ngati kugonja. Koma pamalo pomwe anali panalibe njira yeniyeni yofikira ku dengu, ndipo kuyesa kukanangomusiya m'tchire kapena kunja kwa malire, mwayi wonse utatheratu. Kusendezako kunamusiyira kamwayi kakang'ono kwambiri, koma kamoyo.

Kenako inali nthawi ya McBeth, ndipo masamu ake anali osavuta. Conrad anali ataponya kawiri ndipo anali pa mtunda wa mafiti 247, omwe ndi mamita 75, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a utali wa bwalo la mpira. Munthu wanzeru akanawerengera kuti Conrad amaliza ndi 4. McBeth akanalimbana ndi dengu pa kuponya kwachiwiri, akanatha kupeza birdie n'kutseka nkhani, koma akanathanso kutuluka malire, kulandira chilango, kumaliza ndi 5, n'kumupatsa mnzakeyo mwayi waulere. Akanasendeza, par inali m'manja, ndipo par inali yokwanira pokhapokha Conrad atalowetsa kuchokera pa mamita 75. Anasendeza.

Apa Conrad analibenso chosankha pa nkhani ya cholinga. Kuika chimbale pafupi ndi dengu kunalibe phindu. Kaya chigwere pa mita imodzi kaya chipitirire mpaka kunja kwa malire, zonse kunali kuluza. Munthu akafika pamenepo mantha amachepa, poti palibe chimene akuteteza. Chimene anasankha ndi njira ndi chida. Dengu linali chakumanja, ndipo osewera ambiri a dzanja lamanja akanaganiza za forehand. Koma Conrad amadziwika kuti forehand saiponya kawirikawiri. Moyo wake wonse wamasewera anaumanga pa backhand ndi zimbale zochedwa. Sanayambe kuyesa zachilendo pa tsiku lalikulu. Anatulutsa putter yotchedwa Envy, ya kampani ya MVP yomwe anali atangolowa kumene chaka chomwecho, n'kuiponya backhand mwa anhyzer, kuponya kovuta kuja. Chimbale chinakwera, chinakhota pang'onopang'ono kulowera kumanja, sichinabwerere, mpaka chinakamenya matcheni n'kukhala m'dengu.

Bwalo linasokonekera. Anthu anathamanga uku ndi uku akukuwa, ena atagwira kumutu, ena akukumbatira anthu osawadziwa. Mpaka lero kuponya kumeneku amakutcha Holy Shot, ndipo ngati muli ndi bandulo yokwanira, musangoonera kakanema kafupi kaja. Pezani dengu lonse la 18 pa YouTube, kuyambira poyambira.

Pakati pa chipwirikiti chonsecho panali munthu mmodzi amene anali asanamalize kusewera. McBeth anayenera kudikira kuti anthu akhale chete ndi kuchoka m'njira, kenako aponye chimbale pafupi ndi dengu n'kulowetsa, kuti angofanana ndi Conrad. Mphindi zochepa m'mbuyomo kuponya kumeneku kunali kwa mwambo chabe, kopita kukatenga chikho. Tsopano kunali kopulumutsa mpikisano, pamaso pa khamu lomwe linali litasankha kale ngwazi yake. Anachiika pafupi, n'kulowetsa. Kwa ine kumeneku ndiye kuponya kosayamikiridwa mokwanira pa tsikulo, ndipo amene akufuna kuona tanthauzo la kukonzekera m'maganizo ayang'ane nkhope ya McBeth pa nthawi imeneyo.

Kodi McBeth analakwitsa posendeza? Mafanzi amakanganabe. Ena amati ngwazi imamaliza yokha nkhondo, siyisiyira mdani mpata ngakhale wochepa. Mawu okoma, koma ine sindigwirizana nawo. Tikawerenga njira zomwe akanaluzira, kulimbana ndi dengu kunali ndi njira zingapo zodziwika, zomwe zimachitika tsiku lililonse pa bwalo ngati limeneli: nthambi, mphepo, chimbale kudumpha n'kudutsa chingwe. Kusendeza kunali ndi njira imodzi yokha, yomwe anthu ambiri amene akhala akuonera masewerawa kwa zaka anali asanaionepo pa nthawi ngati imeneyo. Njira imodziyo ndi yomwe inachitika. Zimenezo sizisandutsa chisankho chabwino kukhala choipa. Vuto lathu anthu oonera ndi lakuti timaweruza titadziwa kale mathero, ngati uja amanena nambala za mpira gemu itatha n'kumadabwa kuti enafe sitinazione bwanji. Akanalimbana nalo n'kutuluka malire, anthu omwewa akanati munthu wa zikho zisanu waponya ngati mwana.

Chomwechonso Conrad sitingamutamande kuti anasankha molimba mtima pa kuponya kwachitatu, pakuti panalibe china choti asankhe. Nzeru zake zinali pa kwachiwiri, ndi pa kukhulupirira chimbale chomwe dzanja lake linkachidziwa. Mwayi unalipo, inde, ndipo wambiri; amuuze aponyenso kakhumi pamalo omwewo, n'kutheka osalowetsa ngakhale kamodzi. Koma akanakhala m'tchire, mwayiwo ukanamupeza alibe poponyera.

Atafanana choncho anapita kukalekanitsa pa dengu la 16, lomwe lili ngati pachilumba: chimbale chiyenera kutera pa kamalo kozungulira dengu, apo ayi chatuluka. Apa ntchito yovuta inali ya Conrad. Munthu amene wangochita chozizwitsa, mtima ukugunda ngati ng'oma, manja akunjenjemera ndi chisangalalo, ayenera kuponya mofatsa ndi moyeza, chifukwa mphamvu ikangochuluka pang'ono chimbale chimapitirira chilumba. Anachiika pafupi ndi dengu. Cha McBeth chinatuluka malire. Conrad analowetsa n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Tsiku lomwelo, pa bwalo lomwelo, Catrina Allen anapambana kumbali ya amayi patsogolo pa Paige Pierce, kachiwiri m'moyo wake kuchokera pomwe anapambana mu 2014, koma phokoso la Holy Shot linaphimba nkhani yake kuposa mmene zinayenera kukhalira.

Masiku wamba The Fort ndi paki chabe. Mumamva kulira kwa sitima za katundu kuchokera ku njanji, ana akusewera m'mbali mwa dziwe, ndi matcheni akulira apo ndi apo m'nkhalango. M'chilimwe dzuwa la ku Utah limawotcha mouma, ndiye botolo la madzi ndi lofunika kuposa chimbale chachisanu, ndipo nthawi ina mitengo ija imagwetsa ubweya woyera ngati thonje womwe umadzaza pansi. Alendo amene amafika pa dengu la 18 amakonda kufunafuna malo amene Conrad anaima, n'kutulutsa putter, mnzawo atakonzeka ndi foni. Ambiri amadabwa kuona kuti dengulo likuoneka laling'ono bwanji ukaima pamenepo.

McBeth anabwerera chaka chotsatira, mu 2022, ku Emporia m'chigawo cha Kansas. Kumenekonso mpikisano unathera pofanana, ulendo uno ndi Aaron Gossage, ndipo anakalekanitsanso. McBeth anatenga chikho chake chachisanu ndi chimodzi.